Alendo Otuluka m'Buku la a Ilunga

Bukulo linali lochindikala ngati njerwa, lachikuto chobiriwira, ndipo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza linali la Chifalansa chokhachokha. Mwini wake anali a Ilunga, bambo wa ku Congo amene ankakonza makompyuta pa Mangochi boma, ngakhale anthu ankangowatchula kuti Mburundi, poti kwa ife aliyense wochokera kumtunda uko ndi Mburundi basi. Iwowa ndi amene anapangira loji ya a Meja Macloud, kufupi ndi Makokola, pulogalamu ya pa intaneti yolembera alendo: ndani akubwera, liti, ndipo agona chipinda chiti. Boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka, a Ilunga ananyamuka ndi chikwama chimodzi. Bukulo analisiya m'dilowa ya pa risepishoni, ndipo amene ankakhala pa risepishonipo anali Mtisunge.

Chaka chimenecho alendo anachepa, a Meja n'kuyamba kuchotsa anthu ntchito. Anachotsa oyala mabedi atatu, wosamalira maluwa, woyendetsa boti ndi ena a kukhitchini. Pa risepishoni panali atsikana awiri, ndipo mmodzi ankayenera kupita. Mtisunge ataona kuti madzi afika m'khosi, anatulutsa buku lija n'kuuza bwana wake kuti iye Chifalansa anaphunzira ku sekondale, pulogalamuyo ikavuta aziikonza ndi iyeyo. Sikuti linali bodza lenileni. Chifalansa anaphunziradi, zaka ziwiri, chokwanira kufunsa munthu dzina ndi kumuuza kuti kunja kukutentha. Mnzake uja anapita, iye n'kutsala, ndipo kuyambira tsiku limenelo ntchito yake inkalendewera pa bukulo. Ankadziwa bwino zimenezi.

Bukulo linkaphunzitsa chimene anthu a makompyuta amati fulemuweki. Ili ngati nyumba yoti ena anaimika kale mizati n'kufolera, iwe kwako n'kugawa zipinda ndi kuika zitseko. A Ilunga anamanga pulogalamu ya lojiyo potsatira buku lomweli, ndiye Mtisunge anaganiza kuti akalitsatira nayenso akafika pomwe anafika iwowo. Masana alionse, pa risepishoni pali ntchentche zokha, ankatsegula bukulo, dikishonale mbali iyi, foni yomasulira mbali iyo, n'kumakopera m'kope mzere ndi mzere. Anali mwana wa sukulu weniweni, wa mtundu uja umene aphunzitsi athu amauyamikira pa asembule, woti manotsi sadumpha ngakhale mpumiro. Sankatembenuza tsamba asanathane ndi limene ali nalo. Kusuzumira kutsogolo ankakuona ngati kubera mayeso.

Lachitatu lina m'mwezi wa Febuluwale, mvula itangokata, anafika pa mutu wachisanu ndi chinayi. Mutuwo unkaphunzitsa kudzaza pulogalamu ndi zinthu zoyeserera kuti womanga aone ngati ikuyenda bwino. Pansi penipeni pa tsamba panali mzere umodzi woti ulembedwe m'kabokosi kakuda kolamulirira kompyuta. A Ilunga zoterezi ankachitira pa laputopu yawo. Mtisunge anali ndi kompyuta imodzi yokha, ya pa risepishoni, yolumikizana ndi pulogalamu yeniyeniyo. Analemba mzerewo. Kompyuta inamufunsa, m'Chingerezi chomveka bwino, ngati akufunadi kufufuta zimene zilimo. Dzanja lake linayamba laima m'malere. Koma funso lomwelo linalimo m'buku, ndipo pansi pake wolemba anali atayankha kuti inde. Mwana wa sukulu mukamuikira makina uku buku uku, amasankha buku. Nayenso anayankha kuti inde.

Kenako anatsegula kalendala ya alendo. Anthu atatu amene anali atalembetsa mwezi umenewo anali atasowa. Zimenezo zokha sizikanamuopsa, poti atatuwo ankawadziwa pamtima. Chimene chinamuopsa n'choti zipinda zonse khumi ndi ziwiri zinali zitafiira, kutanthauza kuti zadzaza, kuyambira Loweruka mpaka Loweruka linalo. Mayina ake anali a Chifalansa okhaokha, amuna ndi akazi awo, anthu makumi awiri ndi anayi, ena a ku Paris, ena a ku Lyon, aliyense ndi nambala yake ya foni.

Apa m'pamene anatembenuza tsamba. Pamwamba penipeni panali bokosi la chenjezo, ndipo m'mbali mwake a Ilunga anali atalembamo ndi pensulo n'kudula mizere iwiri kunsi. Sanavutike n'kufufuza kwambiri m'dikishonale. Mzere uja umasesa zonse zenizeni n'kuikamo anthu opeka, ndipo suyenera kulembedwa pa kompyuta imene ikugwira ntchito. Afalansa aja anali anthu a mphepo, amene a Ilunga ankayesera pulogalamu nthawi imene ankaimanga.

Akanakhala ndi ola limodzi mwina akanapeza njira yowachotsera. Foni inalira pasanathe mphindi zitatu. A Meja anali ku boma tsiku limenelo, koma anali ndi chizolowezi chosuzumira kalendalayo pa foni yawo kangapo pa tsiku, monga amachitira mlimi ndi mitambo.

"Mtisunge, zimene ndikuona panozi nawenso ukuziona?"

"Ndikuziona, bwana."

"Zipinda zonse. Sabata yathunthu." Mawu awo ankanjenjemera, ndipo iye anali asanawamvepo akunjenjemera. "Ilunga ankanena, iwe. Ankati tsiku lina Afalansa adzatipeza pa intaneti, ine n'kumamuseka. Wachita zimenezi ndi buku lako lija eti?"

"Bwana, ndimati ndinene kuti..."

"Usachite kudzichepetsa. Ndimakuona masana uli ndwii pa bukulo. Mwana wanga, waipulumutsa loji."

Tsono apa m'pamene munthu amayenera kunena, ndipo mawu ake sachuluka. Koma ndani mwa ife anakula akuphunzitsidwa kudula munthu wamkulu pakamwa iye ali pakati pa chimwemwe? A Meja anali msilikali wopuma wa ku Ntcheu, munthu woti akakwiya ngakhale a kukhitchini ankaika mbale pansi mosamala, ndipo lero, koyamba chiyambireni ntchito, anali atamutchula kuti mwana wawo. Mtisunge anangomva pakamwa pake pakunena kuti, "Zikomo, bwana." Anadziuza kuti nkhani yotere si yokambira pa foni, awauza akafika. Atafika, anatsika m'galimoto akuimba nyimbo ya ku baraki, kumbuyo kuli zitini za penti ndi matawulo atsopano. Iye anadziuza kuti awauza mawa m'mawa.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pamene Mtisunge ankafika pantchito Lachinayi, uthenga unali utapita kale m'midzi kuti onse amene anachotsedwa abwerere. Boti linali litatulutsidwa m'shedi, makatani ali pachingwe. Che Sumani, wophika wamkulu, anali atatumiza mawu kwa asodzi a ku Chembe kuti chambo chachikuluchikulu asagulitse kwina, ndipo anamuchingamira pakhomo, nkhope ili yodandaula.

"Achemwali, inu mukuwadziwa anthuwa. N'zoona kuti amadya achule?"

"Sindikudziwa, Che Sumani."

"Ngati amadya akaphike okha. Wallahi ine poto wanga salawa zimenezo."

Anthu anaseka, iyenso n'kuonetsa mano kuti asadabwitse. Aliyense wodutsa pa risepishoni ankamumwetulira, ena kumuwombera m'manja pang'onopang'ono. Ankachita mantha, ndipo ankachitanso manyazi ndi mantha akewo.

Cha m'ma teni koloko kunaimba mphunzitsi wina wa ku Zomba. Ankafuna zipinda zisanu za Loweruka, iye ndi anzake, anthu enieni amagazi, oti akanadya chambo n'kusiya mafupa m'mbale. A Meja anali ataima pomwepo. Anamulanda foni Mtisunge n'kuyankha okha.

"Pepani, aphunzitsi, tadzaza. Tili ndi alendo ochokera kunja."

Anabweza foniyo monyadira, ngati kukana kasitomala n'kumene akhala akukulakalaka zaka zonsezi. Mtisunge anaweramira m'kope lake, zilembo zake zomwe osazionanso.

Kunena zoona, anayesa kawiri. Ulendo woyamba anafika mpaka pakhomo pa ofesi n'kugogoda, koma asanatsegule pakamwa a Meja anamufunsa ngati Afalansa amakonda tiyi kapena khofi, iye n'kuyankha kuti khofi, n'kutuluka. Ulendo wachiwiri anawapeza kumsewu atakwera pa mpando, akupenta okha chikwangwani cha loji, thukuta lili kamukamu, lilime litatuluka pang'ono ngati mwana wolemba dzina lake. Anaima chapatali, anawayang'ana, n'kubwerera.

Nthawi ya chakudya chamasana anazemba n'kupita kuseri kwa thanki yamadzi, kumene netiweki imagwira bwino ndipo sikufika anthu. Anaimbira a Ilunga ku Dzaleka n'kuwafotokozera zonse mothamanga, mawu akupunthwa.

"Dada Mtisunge, unalemba mzere uja pa kompyuta ya bwana?" A Ilunga, amene ankamutchula dada, kutanthauza mlongo m'Chiswahili, anayamba aseka pang'ono, kenako kusekako kunatha. "Pole sana, pepa kwambiri. Ine ndinalemba pensulo pamenepo."

"Ndinaiona nditalemba kale."

"Anthu amenewo amapanga ndi makina, dada. Manambala awo ukaimba salira. Kuchotsa n'kosavuta, ndikhoza kukuuza pompano. Ufufute, kenako upite ukauze bwana."

Mtisunge anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Nanga ndikangofufuta, n'kunena kuti alendowo asintha maganizo?"

Pa foniyo, chapatali kunkamveka ana akusewera ndi mphepo ya ku Dowa.

"Ungathe," anatero a Ilunga. "Koma bwana wako ndimamudziwa ine. Adzafuna manambala kuti awaimbire awakalipire. Akapeza onse salira, adzati Mburundi anamupangira pulogalamu yabodza, ndipo Mangochi yense adzamva. Ine kuno ndilibe chinthu, dada. Ndinangotsala ndi dzina."

Mtisunge anabwerera pa risepishoni osafufuta kanthu. Akafufuta, a Meja aona pasanathe ola n'kubwera kudzafunsa. Akasiya, Loweruka likuyandikira. Anasowa mtengo wogwira. Anakhala akuyang'ana mayina aja mpaka ena anawaloweza, ndipo anayamba kudana nawo ngati anthu oti anamulakwira dala.

Lachisanu analawirira, atatsimikiza mtima kuti alowa mu ofesi anthu asanachuluke. Koma pa geti anakumana ndi mayi Mwanamvua akutsika pa kabaza, kamtolo ka zovala kali m'manja. Mayiwa anali mkulu wa oyala mabedi, ndipo anagwira pa lojipo zaka khumi ndi zisanu asanachotsedwe. Ndi iwo amene anamulandira Mtisunge atangofika kuchokera ku Machinga, kumupezera nyumba ya lendi, ndi kumuphunzitsa kuti bwana akavala chipewa chobiriwira usamupemphe kanthu. Atachotsedwa anakapeza ntchito yochapa ndi kulera ana kunyumba kwa aphunzitsi ena ku Monkey Bay.

"Ajimwiche uli, mwanangu?" anamupatsa moni wa Chiyao, akumugwira dzanja ndi manja onse awiri. "Ndamva kuti alendowa wawaitana ndi iwe."

"Amayi, kodi kuntchito kuja akupatsani tchuthi?"

"Tchuthi chake chiti? Ndinapempha sabata imodzi, madamu anakana. Anati ndisankhe, kuno kapena uko. Ndiye ndasankha. Dzulo madzulo ndatsanzika, ndipo mmene ndimanyamuka m'mawa uno n'kuti ataika kale mtsikana wina." Ankayankhula akumwetulira, ngati akusimba za ulendo umene wayenda bwino. "A Meja akuti awa akabwera ena atsatira, atilembanso ntchito yokhazikika. Alhamdulillah. Ana a eni ndi olemera, mwanangu, msana wangawu sunkafunanso."

Mtisunge anafuna kunena pomwepo, koma mayiwo anali atalowa kale pa geti, akupatsa moni mlonda ndi kufunsa ngati makiyi a sitolo ya mabulangete akadali pa msomali womwe uja.

Ku ofesi a Meja kunalibe. Anali m'bwalo, pansi pa mtengo wa mango, akuimba wezulo. Msilikali sasiya usilikali: anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, akale ndi obwerera, anawaimika m'mizere iwiri ngati perete. Anayendera zikhadabo, anayendera makolala, kenako anakodola Mtisunge.

"Bwera ndi buku lako. Mawa alendo akatsika basi, sindikufuna munthu wongoti kakasi ngati chitsa. Aphunzitse moni wa kwawo."

Anakatenga bukulo, ngakhale munalibe moni m'menemo, n'kuima kutsogolo kwa mizereyo atalikumbatira pachifuwa. Dzuwa linali lisanakwere kwenikweni koma bulauzi inali itamatirira kumsana.

"Bonjour," anatero, mawu ali pansi. "Ndiye kuti mwadzuka bwanji."

"Bonzhuu," anayankha onse pamodzi.

"Kwezani mawu," anatero a Meja.

Anakweza. Che Sumani anawerama mwaulemu kwa mtengo wa mango n'kuupatsa moni, anthu n'kufa nacho chikhakhali. Ngakhale a Meja anaseka.

"Bienvenue. Ndiye kuti takulandirani."

Apa malilime anakangana. Aliyense ananena zake, ndipo woyendetsa boti anangotulutsa phokoso la m'mphuno n'kusiya. Mayi Mwanamvua anayesa kawiri, analephera, anabisa pakamwa ndi nsonga ya mpango wawo. Kenako anatukula dzanja ngati mwana wa m'kalasi.

"Bwereza pang'onopang'ono, mwanangu. Ine mutu ndi wakale. Ndisakakuchititse manyazi pamaso pa alendo ako."

Mtisunge anayang'ana mayiwo, atayimika khosi kudikira, milomo itakonzeka kale kutsatira. Anaona kuti sangathenso. Anatembenukira kwa a Meja n'kupinda mawondo pang'ono.

"Bwana, ndimapempha tiyankhule pambali."

"Nena pompano. Pa perete palibe chinsinsi."

"Ndi nkhani yoti..."

"Ndati nena."

"Bwana, alendowa kulibe."

Ena kumbuyo anaseka, akuyesa kuti ndi mbali ya phunziro. A Meja sanaseke.

"Asintha tsiku?"

"Ayi, bwana. Anthuwo kulibe, sanabadwe n'komwe. Ndi mayina opeka amene a Ilunga ankayesera pulogalamu. Ndinawalowetsa ndine molakwitsa, potsatira bukuli. A Ilunga anali atalemba chenjezo, ine sindinaliwerenge. Iwowo alibe mlandu." Atayamba, mawu anangotuluka okha, ndipo anadabwa kuti nkhani imene inamulemera chonchija inatha m'kanthawi kochepa chotero.

A Meja anatulutsa foni m'thumba. Anasankha dzina limodzi pa kalendala, anaimba, anaika pakhutu. Anthu onse anali chete moti mawu a makina onena kuti nambalayo kulibe anamveka mpaka mzere wachiwiri. Anaimba ina. Anaimbanso yachitatu. Mtisunge ankadikira mkokomo uja umene aliyense pa lojipo ankaudziwa, ndipo mumtima ankaufuna, poti kukalipiridwa kumapepuza. Sunabwere. A Meja anabweza foni m'thumba pang'onopang'ono, anayang'ana boti, anayang'ana makatani, anayang'ana anthu awo. Nkhope yawo inaoneka ya munthu wokalamba.

"Makiyi a risepishoni usiye patebulo langa," anatero osamuyang'ana. Kenako anatembenukira ku mizere ija. "Inu amene ndinakuitanani, pepani. Ndinakuitanani ndine. Perete yatha."

Analowa mu ofesi n'kutseka chitseko bwinobwino, osachimenyetsa.

Anthu anabalalika mwakachetechete. Panalibe amene anamutukwana Mtisunge, ndipo panalibe amene anamuyang'ana. Che Sumani anapita kuseri akuyang'ana foni yake, mwina poganiza zimene akawauze asodzi a ku Chembe. Woyendetsa boti anakatola burashi n'kuiviika m'madzi kuti penti isaume. Ntchito ija, imene Mtisunge anaigwiritsitsa chonchi mpaka kumeza choonadi masiku awiri, inali itapita, ndipo anapeza kuti sakuilira. Chimene ankaopa tsopano chinali pamzere woyamba, pamene munthu mmodzi anali asanasunthe.

Mayi Mwanamvua anabwera pafupi. Sanakwiye. Anamuyang'ana m'maso monga ankachitira kale akafuna kudziwa ngati wadya.

"Unadziwa liti, mwanangu?"

"Lachitatu masana, amayi."

"Lachitatu." Anapinda chala chimodzi, anapinda chachiwiri, n'kuyang'ana zalazo kwa kanthawi. "Bwana ndi woopsa, ndikudziwa. Ine ndemwe ndinakuphunzitsa kumuopa. Koma ukanangondinong'oneza ine. Nambala yanga uli nayo."

Mayiwo anamanga bwino chitenje chawo, anakatenga kamtolo kawo kamene kanali kasanamasulidwe, n'kutuluka pa geti. Atafika pamsewu anaima. Minibasi ya ku Monkey Bay inachepetsa liwiro, kondakitala n'kutulutsa mutu kuwafunsa kumene akupita. Iwo anangopukusa mutu, minibasiyo n'kupitirira.